Kukadya ku lesitilanti ya zakudya za ku Mexico: kuyambira pakhomo mpaka pa bilu

Amene mwakhalako ku America mukudziwa kuti malo odyera a anthu a ku Mexico sasowa. Kaya ndi ku South Bend ku Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri, kaya ku Dallas kapena ku Chicago, mumangoyenda pang'ono n'kuona chikwangwani cholembedwa taquería. Ku London, ku Cape Town ndi ku Johannesburg nakonso aliko, ngakhale kuti ndi apataliapatali ndipo mitengo yake ndi yokwererapo. Chimene chimabweza anthu athu pakhomo si ndalama ayi, koma menyu ya mayina a Chisipanishi okhaokha, kuphatikizapo mbiri yoti chakudya chake n'cha tsabola wokhetsa misozi. Mapeto ake munthu amangoloza chithunzi chilichonse n'kumapemphera chamumtima.

Komatu mwa zakudya zonse zachilendo, ichi sitiyenera kuchiopa. Chimanga chinayamba kulimidwa kumwera kwa Mexico, m'chigwa cha mtsinje wa Balsas, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo ku Africa chinabwera pa zombo za Apwitikizi chitadutsa chaka cha 1500. Nyemba, maungu, mapeyala ndi tsabola nazonso anthu a kumeneko anayamba kulima kalekale ife tisanazione. Mukupita kukadya kwa eni ake a chimanga. Zotsalazo ndi kungodziwa poyambira.

Sankhani malo musananyamuke

Malowa sali a mtundu umodzi. Pali taquería, kamalo kakang'ono komwe mumaitanitsa pa kauntala, kulipiratu, n'kukakhala pansi kudikira kuti aitane nambala yanu. Pali malesitilanti akuluakulu okhala ndi operekera zakudya, ambiri mwa iwo ophika zomwe amati Tex-Mex, maphikidwe a m'malire a Texas ndi Mexico, odziwika ndi tchizi wambiri wosungunuka. Ndiye pali a makampani a nthambi zambiri ngati Chipotle, yomwe inayamba ku Denver mu 1993, komwe mumayenda pa mzere mukuloza zomwe mukufuna kuseri kwa galasi, iwo akukukulungirani.

Ngati ndi koyamba ndipo muli nokha, kwa a mzerewo n'kophweka chifukwa chilichonse mukuchiona ndi maso. Koma mukandifunsa ine, pitani ku taquería. N'kotchipa, chakudya chimabwera chotentha, ndipo mungathe kulawa zinthu zinayi zosiyana ndi ndalama ya mbale imodzi ya kwinako. Malo abwino mumawadziwa posuzumira: mabanja olankhula Chisipanishi adzaza Lamlungu masana, pa menyu pali lengua ndi tripa, kutanthauza lilime ndi matumbo a ng'ombe, ndipo mukalowa mukulandiridwa ndi fungo la chimanga chopsa pa chiwaya. Zipewa zikuluzikulu zopachika pa khoma sizikuuzani chilichonse za kukhitchini.

Tsiku nalo lisankheni. Lachiwiri malo ambiri ku America amatsitsa mtengo wa taco, kamkate kopyapyala kopinda kokhala ndi ndiwo mkati. Pa 5 Meyi musayerekeze ngati simukonda phokoso: ndi Cinco de Mayo, chikumbutso cha nkhondo ya ku Puebla ya mu 1862 pomwe asilikali a Mexico anagonjetsa a France, ndipo ku America tsikuli malesitilanti amadzaza mpaka panja. Ambiri amaliyesa tsiku la ufulu wa Mexico, pomwe ufuluwo amakondwerera pa 16 Seputembala. Mukakhala gulu lopitirira anthu asanu ndi mmodzi, imbanitu foni kusungitsa tebulo. Ndipo amene akufuna kumwako mowa atenge chiphaso, chifukwa ku America malamulo amati zaka 21, ndipo ena amafunsa chiphaso ngakhale kwa munthu wa imvi.

Mukangokhala pansi

M'malesitilanti okhala ndi operekera zakudya ku America, musanaitanitse kanthu amakubweretserani kadengu ka totopos, tizidutswa tokazinga ta tortilla (mkate wawo wopyapyala wozungulira), ndi kambale ka salsa, msuzi wa tsabola. Kawirikawiri n'zaulere ndipo zikatha amawonjezera. Ku Britain ndi ku South Africa nthawi zambiri zimalowa pa bilu, choncho funsani. Msampha wake ndi wakuti n'zokoma ndiponso zamchere, ndiye munthu umangotola kamodzikamodzi ukucheza, chakudya chenicheni n'kudzafika mimba itadzaza kale. Kadengu kamodzi kakwane tebulo lonse.

Guacamole, mapeyala osinja osakaniza ndi anyezi, mandimu, mchere ndi tsabola pang'ono, ndi wolipira padera pafupifupi kulikonse. Kwa munthu amene anakula akutola mapeyala pansi pa mtengo ku Thyolo kapena ku Mulanje, mtengo wa kambale kameneka umapweteka mumtima. Itanitsani kamodzi mugawane.

Tsabola: lawani kaye

Chakudya chambiri cha ku Mexico chimachoka kukhitchini chisali chowawa kwenikweni. Ukali uli mu salsa, ndipo salsa mumathira nokha. Mupeza yofiira ndi yobiriwira, nthawi zina ndi ina ya tomato, anyezi ndi tsabola zongoduladula zosaphika, yotchedwa pico de gallo. Musanamizidwe ndi mtundu. Yobiriwira amapangira tomatillo, kachipatso kowawasa kokhala m'kathumba kangati pepala, ndipo malo ena yobiriwirayo ndi imene imaluma kuposa yofiira. Donthezani pang'ono pa totopo imodzi, mudye, mudikire kanthawi. Tsabola wina amachedwa kufika.

Mayina a tsabola pa menyu ndi okuthandizani. Poblano ndi wamkulu ndiponso wofatsa, mwana angathe kudya. Jalapeño ali pakatikati: pa muyezo wa Scoville, woyezera ukali wa tsabola, amakhala pakati pa 2,500 ndi 8,000. Chipotle ndi jalapeño yemweyo atapsa n'kuumitsidwa pa utsi. Serrano amaposa pamenepo. Habanero ndiye wina, amayambira pa 100,000 mpaka 350,000, ndipo ndi wa banja limodzi ndi kambuzi wathu, fungo lake mulizindikira musanalawe. Ngati kwanu botolo la Nali silikhalitsa, jalapeño sakuopsani, koma salsa ya habanero muipatse ulemu.

Pakamwa pakayaka, madzi sathandiza kwenikweni, chifukwa chimene chimawotchacho sichisungunuka m'madzi. Tengani crema, kirimu wowawasa amene amakhala pa mbale zambiri, kapena tchizi, kapena mpunga. Ndipo musagwire m'maso musanasambe m'manja ndi sopo.

Funso la nkhumba lisadikire

Ili ndi gawo lomwe ambiri amalidumpha. Kwa Asilamu, a Seventh Day ndi ena onse osadya nkhumba, kupewa nyama yooneka ndi maso sikokwanira. Khitchini ya ku Mexico imadalira kwambiri mafuta a nkhumba, omwe amati manteca. Nyemba zosinja zokazinga, frijoles refritos, zimene zimabwera pambali pa mbale zambiri, mwamwambo amakazingira mafuta amenewa. Amalowanso mu tamales ndi mu tortilla zina za ufa wa tirigu. Nyemba zamsuzi zotchedwa charros amaphikira limodzi ndi nyama ya nkhumba. Pa nyama, carnitas, al pastor, chorizo, chicharrón ndi cochinita pibil zonse ndi nkhumba.

Funsani mosabisa musanaitanitse: kodi nyembazi ndi tortilla muli mafuta a nkhumba? Malo ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito mafuta a mbewu ndipo woperekera zakudya amadziwa yankho, akapanda kudziwa akafunse kukhitchini. Nyemba zakuda zongowiritsa kawirikawiri ndi zimene zilibe vuto, komabe funsani. Kumbukiraninso kuti pa taquería nyama zonse zimatha kuwotchedwa pa chiwaya chimodzi. Amene amafuna nyama ya halaal aimbiretu foni, ndipo ikasowa pali taco za nsomba, za bowa kapena za nyemba ndi tchizi.

Amene thupi lawo limadana ndi mtedza kapena chitowe asamale ndi msuzi wotchedwa mole komanso salsa macha, chifukwa zimenezi zimalowamo kawirikawiri. Pali anthu enanso amene masamba a koriyanda amawamva ngati sopo mkamwa. Si matama, n'chibadwa. Pa menyu amalemba cilantro, ndipo amawaza pa taco iliyonse mukapanda kuwaletsa.

Chimanga kapena tirigu

Akakufunsani kuti mukufuna tortilla ya chimanga kapena ya tirigu, nenani chimanga. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Tortilla kwa iwo ili ngati nsima kwa ife: ndiyo chakudya, zinazo ndi ndiwo, ndipo wophika amadziwika ndi iyo. Malo amene tortilla yake ndi youma, yothyoka mukaipinda, yozizira, musayembekezere zodabwitsa pa zotsalazo.

Chimanga chake samangochigaya. Amayamba achiphika m'madzi othira laimu (njereza), kapena phulusa monga ankachitira makolo awo, n'kuchisiya chinyowe usiku wonse. M'mawa amachitsuka, gaga n'kuchoka, kenako amachipera chili chonyowa mpaka chikhale chokandika. Chokandikacho amati masa. Amaumba kampira, kukaphwatalitsa pa kachitsulo kopanira, n'kuika pa chiwaya chotentha chopanda mafuta. Tortilla yabwino imafufuma pang'ono akaitembenuza, imanunkhira, ndipo imapindika osang'ambika. Amayi amene amadziwa kucheza chidulo sangadabwe kumva kuti phulusa limafewetsa chakudya, koma pa chimanga limachitanso china chachikulu: limamasula vitamini wotchedwa niacin, amene m'chimanga chosaphikidwa motere amakhala womangika moti thupi silitha kumutenga bwino. Chimanga chinawoloka nyanja koma luso limeneli linatsala. N'chifukwa chake matenda a pellagra, otupitsa ndi kusupula khungu, anavuta ku Italy, m'maboma a kumwera a dziko la America ndi kuno ku Africa pakati pa anthu odalira chimanga chokha, pomwe ku Mexico sanali ofala. Ku Malawi anagwira anthu zikwizikwi m'misasa ya othawa nkhondo a ku Mozambique mu 1989 ndi 1990.

Ya tirigu si yabodza ayi. Ndi ya kumpoto kwa Mexico, madera ngati Sonora, ndipo ndi imene amakulungira burrito. Koma ya chimangayo ndi imene mwadzera.

Werengani menyu ndi mafunso awiri

Menyu imaoneka yaitali, koma mbale zambiri ndi mayankho a mafunso awiri okha: tortilla aichita chiyani, ndipo mkati aikamo chiyani.

Taco ndi tortilla yaing'ono yofewa yopinda pakati. Quesadilla ndi yopinda yokhala ndi tchizi, yowotcha pa chiwaya, ndipo ana amaikonda. Enchiladas ndi zokulunga zothiridwa msuzi wa tsabola pamwamba, zodyera foloko. Tostada ndi yokazinga yophwatalala, zakudya zili pamwamba, imathetheka mukaluma. Burrito ndi chimtolo cha mpunga, nyemba ndi nyama m'tortilla yaikulu ya tirigu, chimodzi chimakwana munthu wanjala ya tsiku lonse. Tamales ndi masa yokhala ndi nyama mkati, yokulunga m'makoko a chimanga kapena m'masamba a nthochi n'kuphika pa nthunzi. Chokulungiracho sadya, vundukulani.

Za mkatizo, asada ndi ng'ombe yowotcha, pollo ndi nkhuku, pescado ndi nsomba, camarón ndi tinkhanu ta m'nyanja tija amati ma prawn. Barbacoa ndi nyama yophika pang'onopang'ono mpaka kulekana yokha: ku Hidalgo imakhala ya nkhosa yophikira m'dzenje, ku Texas imakhala ya m'masaya mwa ng'ombe. Birria ya ku Jalisco mwamwambo ndi ya mbuzi, ngakhale malo ambiri ku America tsopano amaphika ya ng'ombe, ndipo imabwera ndi kapu ya msuzi wake woti muziviikamo taco. Wokonda mbuzi ayambire pamenepa. Kwa odya nkhumba, al pastor ndi yosaiphonya: nyama yosanjikiza pa chitsulo choimirira chozungulira pafupi ndi moto, chinanazi chili pamwamba, wophika akusenga ndi mpeni kugwetsera pa tortilla. Kawotchedwe kameneka kanabwera ndi anthu a ku Lebanon amene anasamukira ku Mexico, makamaka ku Puebla, m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Iwo ankawotcha nkhosa, eni dziko anasintha n'kuikapo nkhumba.

Kuitanitsa kwanzeru pa ulendo woyamba ndi taco zitatu za nyama zosiyana, ndi nyemba pambali. Zikapanda kukwana muwonjezera, palibe amene angakudabweni. Musachite manyazi ndi katchulidwe: j amamveka ngati h, ll ngati y, choncho pollo ndi poyo, tortilla ndi tortiya. Zikakanika lozani ndi chala.

Mukakhala pa lesitilanti yaikulu ndipo mwaona mole, ganizirani kawiri musanaidumphe. Ndi msuzi wokhuthala, wakuda, wophikidwa ndi mitundu ingapo ya tsabola wouma, mtedza, chitowe, zonunkhiritsa ndi chokoleti pang'ono, wothira pa nkhuku. Kumva chokoleti pa nkhuku munthu amachita tsinya, koma si wotsekemera monga mukuganizira, amangomveka kuwawira kwapatali ndi fungo la zokazinga. Wa ku Puebla ndi wa ku Oaxaca ndi amene ali otchuka. Kuphika kwake kumadya tsiku lathunthu, n'chifukwa chake kwawoko ndi chakudya cha pa ukwati ndi pa zikondwerero. Mu 2010 bungwe la UNESCO linaika maphikidwe a makolo a ku Mexico pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo mukalawa mole wophikidwa bwino simufunsa chifukwa chake. Malo ophika za ku Oaxaca mungapezenso chapulines, ziwala zokazinga ndi mandimu ndi tsabola. Azungu a pa tebulo loyandikana adzazijambula kaye pa foni, inu ingodyani.

Fajitas, nyama yoduladula ndi anyezi yobwera ikulira pa chiwaya chachitsulo, ndi za Tex-Mex. N'zabwino kugawana anthu awiri, koma chiwayacho musachikhudze. Nachos anayambira ku Piedras Negras, tauni ya m'malire, m'zaka za m'ma 1940, kwa Ignacio Anaya amene anzake ankamutcha Nacho. Ndi zotolatola pocheza, osati chakudya chamadzulo.

Kadyedwe ka taco

Sambani m'manja, foloko isiyeni. Taco ya pa taquería imabwera yotsegula, kawirikawiri pa tortilla ziwiri zosanjikiza, nyama ili pakati, anyezi ndi cilantro pamwamba, kachidutswa ka ndimu pambali. Tortilla yachiwiriyo si kulakwitsa: imalimbitsa yoyambayo ikanyowa, ndipo zogwera m'mbale mumatolera nayo. Finyirani ndimu, thirani salsa imene mwailawa kale, pindani ndi zala zitatu mutagwira pamwamba. Kenako weramirani pa mbale, mupendeketse mutu wanu, osati taco, n'kuluma kuchokera kumapeto. Mukaipendeketsa iyoyo, msuzi utsikira m'dzanja mpaka m'chigongono. Kuluma katatu kapena kanayi yatha. Musaisiye ikuzizira mukujambula, tortilla ya chimanga ikazizira imauma.

Burrito musavule pepala lonse lonyezimira lija. Ng'ambani pamwamba pokha, muzitsitsa pang'onopang'ono pamene mukudya.

Chakumwa

Pa kauntala mudzaona mitsuko ikuluikulu ya galasi ya zakumwa zamitundumitundu, aguas frescas. Chofiira kwambiricho, jamaica, ndi chidede chowiritsa n'kuthira shuga. Chabulauni, tamarindo, ndi bwemba. Choyera ngati mkaka ndi horchata, cha mpunga ndi sinamoni, ndipo chimaziziritsa bwino pakamwa poyaka tsabola. Zonsezi zilibe mowa. Ku America madzi akumwa ndi aulere koma amadzaza ayezi ngakhale kunja kukugwa chipale, choncho nenani ngati simukumufuna.

Tequila amatcheza kuchokera ku chomera cha agave wabuluu, makamaka ku Jalisco. Mezcal, wambiri wochokera ku Oaxaca, amamveka utsi chifukwa mitima ya agave amayamba aiwotcha m'dzenje. Margarita ndi tequila wosakaniza ndi mandimu, mchere uli m'mphepete mwa tambula. Amatsika ngati sobo, ndipo ndi mmene amagwetsera anthu. Amene akuyendetsa galimoto akhale pa chidede.

Bilu

Ku taquería munalipira kale, chotsala ndi kuponya kenakake m'kabotolo ka pa kauntala ngati mwakhutira, ndi kuchotsa mbale zanu ngati mwaona ena akutero. Ku lesitilanti ya operekera zakudya, ku America, mtengo wa pa menyu si umene mulipire. M'maboma ambiri amawonjezera msonkho pamapeto, ndiye pamwamba pake pali tipi ya 15 mpaka 20 pa 100 iliyonse, masiku ano ambiri amapereka cha ku 20 komweko. Musaione ngati mphatso: m'maboma ambiri malipiro a operekera zakudya ndi otsika dala poyembekezera tipiyo. Ku South Africa ndi 10 mpaka 15 pa 100. Ku London malo ambiri amaikiratu 12.5 pa 100 pa bilu, ndiye werengani musanapereke kawiri. Ku America nakonso gulu likakhala lalikulu amatha kuikiratu.

Ngati aliyense adzilipirira yekha, muuzeni woperekera zakudya poyamba pomwe, musanaitanitse, kuti alembe mabilu osiyana. Kwathu woitana mnzake ndiye amalipira, koma kunjaku mnzanu akati tiyeni tikadye sizitanthauza kuti akugulirani, choncho nyamulani khadi lanu. Ndipo ngati mwaitana akuluakulu, apongozi kapena abusa amene abwera kudzacheza, konzani za bilu mwakachetechete ndi woperekerayo, asaione n'komwe.

Chakudya chikatsala pemphani kabokosi, n'zachizolowezi ndipo palibe manyazi. Nyama, nyemba ndi mpunga zimasungika bwino mu filiji mpaka mawa. Guacamole amada msanga, mumalizeni pomwepo. Tortilla zotsala muzikulunge pazokha kuti zisanyowe ndi msuzi, ndipo m'mawa muzitenthetse pa chiwaya chouma, theka la mphindi mbali iliyonse, n'kuzivundikira m'kansalu koyera kuti zifewe.